Esinati Namakhwa ndi Mawu a Atsibweni Ake

Moni waulemu kwa inu nonse amene mwagwira pepala ili m'manja mwanu, abambo ndi amayi, akulu ndi ang'ono. Ndikupempha kuti mundilole ndikufotokozereni mbiri ya Mayi Esinati Alefa Namakhwa, namwino wa m'dera la Mfumu Mwambo, kugombe la kumadzulo la nyanja ya Chilwa. Zambiri zimene ndalemba muno ndinazimva pakamwa pa mwini wake, ndipo zina ndinaziona ndekha, popeza ine ndine wokonza njinga pafupi ndi doko limene litchulidwe m'nkhaniyi. Kuyambira pano ndizimutchula Esinati, monga amamuitanira kwawo, ndipo pa ichi andikhululukire.

Esinati anabadwira m'mudzi wa Namalamba, m'banja lachikhristu lolima mpunga. Makolo a makolo ake anachokera kum'mawa, kutsidya kwa nyanja, m'dziko limene linali m'manja mwa Apwitikizi. Bambo ake anamwalira iye akali wamng'ono, chotero amene anamulera, pamodzi ndi mng'ono wake Edina, anali atsibweni ake, a Gerishomo, mlongo wa amayi ake. A Gerishomo anali msodzi wa matemba, munthu wosachulutsa mawu, ndipo ndi matemba omwewo anamuphunzitsa mwanayo mpaka anakhala namwino.

Akuti ali mwana ankakonda kuima pachulu masana, dzuwa lili paliwombo, n'kumayang'ana chilumba cha Chisi. Pa nthawi yotere pamadzi pamakwera nthunzi, ndipo chilumbacho chimaoneka ngati chazuka n'kulendewera m'mwamba popanda tsinde. Amayi ake ankamukalipira kuti mbalame zikutha mpunga iye ali kumwamba ndi Chisi. Khalidwe limeneli loyang'ana kutali silinamuchoke ngakhale atakula.

Atatsiriza maphunziro anamuika pa chipatala chachikulu cha m'tauni, m'chipinda cholandirira anthu a ngozi ndi odwala mwadzidzidzi, ndipo anagwiramo zaka zisanu ndi ziwiri. Mmenemo munkafika ogundidwa ndi galimoto, opsa ndi moto, ogwa mumtengo ndi olumidwa ndi njoka. Manja ake anali achangu, ndipo magazi sankamunjenjemeretsa. Anthu a kunyanja ankawazindikira asanatsegule pakamwa, chifukwa cha mapazi ong'ambika ndi matope akuda ndiponso fungo la utsi wowambira nsomba m'zovala zawo. Iwowa ndiwo ankafika mochedwa kuposa onse, bala litayamba kale kununkha. Tsono Esinati anali ndi funso lake, limene anamwino anzake ankalidziwa ngati nyimbo.

"Munali kuti masiku onsewa?"

Yankho lake linalinso limodzi nthawi zonse: "Timadikira eni ake, asisitala."

Eni akewo ndiwo atsibweni, mwini mbumba. Kwathu kuno mwamuna wokwatira ndi mkamwini chabe, ndipo sangamunyamule mkazi wake kupita naye ku mpeni wa dokotala popanda mawu a mwini mbumba. Vuto n'lakuti m'nyengo ya matemba atsibweni ambiri amakhala m'kati mwa nyanja, m'zimbowera, zimene ndi tinyumba tomanga pamwamba pa udzu woyandama, ndipo amatha miyezi osaponda kumtunda. Esinati ankaudziwa bwino mwambowu, koma akavala zoyera zake ankaupsera mtima ngati mlendo.

M'chaka cha 1974, mpunga utacha, Esinati anaima pa mphambano ya njira zitatu. Njira yoyamba inali kukhala pomwe analipo. Malipiro a boma anali ochepa koma sankaphonya mwezi, ndipo kumapeto kwake kunali penshoni; chokhacho n'chakuti ankagona awiri m'kachipinda kamodzi ka anamwino. Njira yachiwiri inabwera m'kalata yochokera ku kampani ina ya minda ya tiyi ku Mulanje, imene inkafuna namwino wozolowera mabala. Malipiro ake anali pafupifupi kuwirikiza kawiri a boma, ndipo pamwamba pake panali nyumba ya njerwa yayekha, ya magetsi ndi mpopi wa madzi pakhomo. Kampaniyo inanena kuti yankho lake liponyedwe ku positi pasanapitirire Lachisanu lomaliza la mwezi wa Juni, apo ayi atenga wina. Njira yachitatu inali kachipatala ka mishoni kufupi ndi doko la kwawo, kamene kanatha chaka chathunthu kopanda namwino. Kumeneko malipiro anali ochepera ngakhale a boma, nyumba inali ya udzu, nyali inali ya parafini. Kalata ya a mishoni yomuitana kumeneko anaiwerenga kamodzi, naseka, naiika pansi pa zovala.

Ku Mulanje anali asanafikeko. Minda ya tiyi anangoiona pa kalendala imene inapachikidwa mu ofesi ya dokotala. Komabe pa nthawi yopuma masana ankakhala pansi pa mtengo wa kuseri kwa chipatala, maso ali potseguka, n'kumalowa m'nyumba ija. Ankaona nkhungu ikutsika m'phiri pang'onopang'ono ngati munthu wosafuna kudzutsa ana, zitunda zobiriwira ngati nsalu yoyala, ndi mazenera a galasi okhala ndi makatani oyera. Ankadziona akukhudza khoma ndi chala chimodzi, chipinda chonse n'kuwala. M'nyumba imeneyo munalibe kulira kwa munthu aliyense. Potsiriza analemba kalata yovomera, naimata, koma sitampu sanaikepo, popeza mwana wa mbumba sasamuka mozemba. Anayenera kukamva kaye mawu a atsibweni ake. Anapempha tchuthi cha masiku atatu, ndipo Lachitatu la sabata yomalizayo anakwera lole yonyamula nsomba imene inkapita kudoko yopanda kanthu.

Atafika ku Namalamba masana, anapeza Edina atagona pamphasa pakhonde, mwendo utafunditsidwa chitenje. Amayi awo anali atakhala kumutu kwake, ndipo mwamuna wa Edina, a Bizweki, anali ataima pambali.

"Achemwali, mwabwera ndi shuga?" anatero Edina, akuyesa kuseka.

"Shuga ndabwera naye, koma iwe sulawa usanandionetse chimene wabisacho. Tavundukula."

Edina anali atadzitema phazi ndi zenga Loweruka, pokolola mpunga m'madzi. Pabalapo anali atathirapo phulusa ndi masamba osinja. Phazi linali litatupa ngati dzungu, zala ziwiri zitada, ndipo thupi lonse linali moto. Esinati anawiritsa madzi a mchere, natsuka balalo, nadina khungu ndi chala chake mpaka pa kakolo. Zimene anaona anazidziwa, popeza anali ataziona kambirimbiri.

"Lole ija ibwerera m'tauni madzulo ano," anatero. "Alamu, tengani njinga timukweze, tipite naye kudoko."

A Bizweki anavula chipewa nachigwira ndi manja awiri. "Njinga ilipo, alamu. Ndinaipopa Lolemba, ndipo m'mawa uliwonse ndikumaipopanso. Koma ine ndine yani pano? Ndine tambala wobwereka. Akakamudula kumeneko, ndidzawayang'ana bwanji atsibweni?"

"Mlongo wanga ali kuzimbowera," anatero amayi awo. "Tinatumiza mawu ndi anthu a mabwato, koma ngati anafika sitikudziwa. Ndipo iwe Esinati, usandiyang'ane choncho. Zoyera zako unazisiya m'tauni. Pano ndiwe mwana."

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikulemba zimenezi ndi chilolezo cha mwini wake. Esinati anali nawo mawu pakamwa, mawu omwe aja ankakalipira nawo anthu a kunyanja. Koma atayang'ana amayi ake, mawuwo anasungunuka ngati mchere m'madzi. Pakhomo pamene anabadwira, iyenso anapezeka kuti ndi munthu wodikira eni ake. Chinanso, chimene anandiuza atawerama, n'chakuti anakumbukira envulopu imene inali m'chikwama chake, naganiza kuti ulendo umodzi ukwanira mafunso awiri. Anadzinyenga kuti tsiku limodzi angaligwire ndi madzi a mchere ndi mapilitsi oziziritsa thupi amene anabwera nawo.

"Chabwino," anatero. "Ndipita ndekha mawa m'mamawa ndikawafunse."

Madzulo amenewo lole inapita ndi matemba okhaokha.

Lachinayi kutacha anafika padoko, naonetsa khadi lake la chipani kwa ofunsa makhadi, nalowa m'bwato la a Wilisoni, bambo wachikulire amene ankadziwa njira za m'udzu wa m'nyanja.

"Asisitala, mwabwera kudzabaya achule jakisoni?" anafunsa a Wilisoni akukankha bwato ndi nsungwi yaitali.

"Ndiyamba ndi inu mukapanda kufulumira."

"Pa Chilwa sitifulumira, mayi. Madzi ake ndi olekeza m'chiuno, koma wofulumira amagona m'njira. Inu khalani pakati, musagwedezeke, mungandinyowetsere fodya."

Tsiku limenelo nkhungu inagona pamadzi mwakuti munthu sakanatha kunena pamene nyanja yathera ndi pamene thambo layambira. Bwato linkayenda ngati likudutsa mumkaka. Akakowa ankaoneka ataima pa chinthu chosaoneka, oyera pa zoyera, ndipo mawu a asodzi ankamveka pafupi koma eni ake osaoneka. Phokoso linali la nsungwi yokha, kulowa m'matope ndi kutuluka, kulowa ndi kutuluka. Dzuwa litakwera nkhungu inayamba kung'ambika, ndipo Chisi anaonekera kumanja, atalendewera m'mwamba monga ankachitira kale. Esinati anatsamira chikwama chake. Udzu wobiriwira wa m'nyanja unasanduka zitunda za tiyi m'maso mwake, ndipo pakati pake anaona nyumba ija, makatani akuuluka pang'ono. Analowamo, nayenda chipinda ndi chipinda, nasankha pamene adzaike bedi ndi pamene adzaike tebulo. Anandiuza mosabisa kuti kwa nthawi yaitali ndithu phazi la Edina linachoka m'mutu mwake.

Zimbowera sizikhala pamalo amodzi, chifukwa udzu umene zakhalapo umayenda ndi mphepo. Pamene a Wilisoni ankadziwa kuti pali chimbowera cha a Gerishomo anapezapo madzi okhaokha. Anafunsa kwa asodzi ena, nalowa njira ina, nabwerera, nalowanso ina. Pamene ankaona utsi wa a Gerishomo, dzuwa linali litapendeka kale.

Anawapeza akusoka ukonde pakhomo pa kanyumba kawo. Esinati anagwada pa udzu wonjenjemerawo, napereka moni, ndipo moniwo unatenga nthawi yake monga mwa ulemu. Kenaka anafotokoza za Edina. Mawu aja anatumizidwa ndi anthu a mabwato anali asanawapeze.

"Anadzitema liti?" anafunsa a Gerishomo.

"Loweruka, atsibweni."

"Nanga iwe unafika liti?"

"Dzulo masana."

"Dzulo lole inapita?"

"Inapita."

A Gerishomo anaika ukonde pansi, akuyang'ana manja awo. Pamene analankhula, sanakweze mawu.

"Tsono ine matemba onse aja ndinkawambira chiyani? Ndinakuphunzitsa kuti udzaoloke nyanja kudzafunsa ine, munthu wosadziwa ngakhale dzina lake papepala, ngati mwendo waola?"

"Atsibweni, tikanapita osakuuzani mukanakwiya."

"Ndikanakwiya, inde. Ndikanakwiya sabata yathunthu, mwinanso ziwiri. Koma kukwiya kwanga kumapola, mwana iwe."

Atatero anatenga mpeni nadula choyandama chimodzi pa ukonde wawo. Zoyandama ndi timitengo topepuka timene timagwira ukonde kuti usamire, ndipo msodzi aliyense amatemapo chizindikiro chake kuti ukonde wake usasokonezeke ndi wa mnzake. Cha a Gerishomo chinali mizere itatu ndi mtanda.

"Ichi ukawaonetse mlongo wanga ndi Bizweki," anatero. "Ichi ndi pakamwa panga. Ndipo usadzandibwezere. Tsiku lililonse wina wa mbumba yanga akagwa, ichi chavomera kale."

Esinati analandira ndi manja awiri nachiika m'chikwama, pafupi ndi envulopu ija.

"Panali china?" anafunsa atsibweni ake.

"Panalibe, atsibweni."

Pobwerera mwera unadzuka, nsungwi ya a Wilisoni inalimbana ndi mafunde, ndipo nthabwala zawo zinatha. Anafika padoko lole ya Lachinayi itapita. Motero Edina anayenda Lachisanu, pa lole ina imene inanyamuka m'mawa. A Bizweki ataona mizere itatu ndi mtanda sanafunsenso kanthu. Anamukweza mkazi wawo panjinga naikankha chothamanga mpaka padoko, ndipo ine ndinawaona akudutsa pa malo anga a ntchito, thukuta lili chuchuchu.

Anafika pachipatala masana, nalowa m'chipinda chomwe chija Esinati anagwiramo zaka zisanu ndi ziwiri. Namwino mnzake, dzina lake Sofiya, anavundukula chitenje, naona mwendo, ndipo asanakweze maso anafunsa monga anaphunzirira kwa mnzakeyo.

"Munali kuti masiku onsewa?"

Atakweza maso anaona kuti amene wagwira dzanja la wodwalayo ndi Esinati. Anafuna kubweza mawuwo, koma Esinati anayankha.

"Timadikira eni ake."

Dokotala anadula mwendowo pansi pa bondo, ndipo Edina anapulumuka. Dokotalayo ananena kuti akanabwera naye Lachitatu mwina zikanachoka zala zokha, koma anaonjeza kuti palibe angalumbire pa zimenezo. Esinati sanadalire mawu otsirizawo kuti amutonthoze.

Positi inali tsidya lina la msewu, ndipo inkatseka nthawi ya folo koloko. Pamene Edina anali m'manja mwa dokotala, Esinati anakhala pabenchi panja, chikwama chili pamiyendo, chitseko cha positi akuchiona. Sindinganene kuti anasankha pamenepo, chifukwa iye mwini amati anangokhala pabenchipo, osanyamuka kukaponya kalata ija. Anaona kalaliki akutuluka, akutseka chitseko, akukwera njinga yake. Nyumba ya makatani oyera inapita kwa munthu wina.

M'masabata otsatira, akumusamalira mng'ono wake, anaziyezanso njira ziwiri zotsalazo. Anaona kuti akakhala m'tauni adzalandira penshoni yake, koma adzakalamba ataima pakhomo lomwelo, akulandira mabala onunkha, ndipo funso lake lija sakanathanso kulifunsa. Anaonanso kuti anthu a kwawo sachedwa chifukwa cha umbuli monga ankaganizira, pakuti iye amene ankadziwa zonse anachedwa chimodzimodzi. Chimene chinkasowa sichinali nzeru ayi, koma mawu a mwini mbumba pa tsiku loyenera. Anafukula kalata ija anaiseka, nayankha a mishoni kuti abwera.

"Esinati, wapenga?" anatero Sofiya atamva. "Anzako akukwera, iwe ukutsika. Kumeneko uzikadya chiyani, udzudzu?"

"Udzudzu ndi umene uzikandidya ine," anayankha Esinati. "Iwe uzingonditumizira mabandeji akale, usamataye."

Tsiku limene analowa m'kachipatala ka padoko, anapempha msomali kwa ine, nakhoma choyandama cha a Gerishomo pakhoma, moyang'anana ndi khomo. Anthu ankafunsa kuti kodi ndi mankhwala, ndipo iye ankafotokoza. Nyengo ya matemba isanayambe chaka chotsatira, a Gerishomo anabwera ndi anzawo anayi, aliyense ndi choyandama chake, ndipo aliyense ananena pamaso pa mbumba yake kuti akachoka, pakamwa pake patsala pamsomali. Si onse anavomera. Bambo wina, a Lameki, ananena poyera kuti iwo si nsomba kuti pakamwa pawo pakoledwe pachitsulo, ndipo anakhala zaka ziwiri asanabwere nacho chawo, ndiponso anachibweretsa mobisa, atachikulunga m'chipewa. Alipo ena amene sanabwere mpaka lero, ndipo mbumba zawo zikudikirabe monga kale. Koma khomalo linadzaza pang'onopang'ono. Masiku ano mkamwini akafika ndi mkazi wake panjinga, amangoloza ndi chala chizindikiro cha atsibweni a mkaziyo, ndipo ngati bala lili loposa manja a Esinati, wodwalayo amakwera lole ya tsiku lomwelo.

Malipiro ake sanakwere kwenikweni. Denga limadontha pa ngodya imodzi, ndipo nyali ikali ya parafini. Anthu amamupatsa mpunga ndi matemba, ndipo iye amalandira mosanyada. Edina amayenda ndi ndodo ya m'khwapa, ndipo masiku a msika a Bizweki amamukweza panjinga kupita naye ku Songani kukagulitsa mpunga. Kaliyala ya njingayo ndinaiikira khushoni ine ndemwe. Esinati ndi Edina sakamba za Lachitatu lija, koma Edina akamuona mkulu wake akubwera amafunsabe kuti, "Achemwali, mwabwera ndi shuga?" ndipo Esinati sapitako chimanjamanja.

Kalata ija yopita ku Mulanje ikali m'sutikesi, yomata, yopanda sitampu. Masana odwala akatha, Esinati amaima pakhonde n'kumayang'ana Chisi atalendewera pamwamba pa nthunzi. Tsiku lina ndinalimba mtima ndi kumufunsa ngati amaiganizirabe nyumba ija. Anati amalowamo ndithu nthawi zina, amakhudza khoma, magetsi n'kuyaka, koma sakhalitsamo, chifukwa khutu limodzi limakhala likumvetsera belu la njinga.

Ndathokoza chifukwa cha kuleza mtima kwanu powerenga mpaka pano. Zina zonse mukhoza kuziiwala, zaka ndi maina omwe, koma ndikupemphani mwaulemu kuti musunge chinthu chimodzi chokha: a Gerishomo sakanakana. Anangokhala kuti sanafunsidwe nthawi ikalipo.